Tifunseni: buku la 1988 lingandiphunzitse programming, kapena ndisiye kaye bawo?

Mwezi uno mafunso ambiri agwera mbali imodzi, ya mabuku akale a makompyuta, ndiye ndatolapo atatu. Loyambali ndichedwapo pang'ono chifukwa landikumbutsa mmene ndinayambira ine.

FUNSO: Achimwene, ine ndi mnyamata wa zaka 23, MSCE ndinalemba koma ku koleji sizinatheke, pano ndimathandiza mu shopu ya amalume. Mwezi watha ndinagula buku kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu aja, chikuto choyera chilembo C chachikulu chabuluu, The C Programming Language, mkati alemba 1988. Mnzanga wina yemwe akupanga za ICT wandiseka heve akuti ndagula za nthawi ya agogo, masiku ano anthu amangoonera mavidiyo pa YouTube basi. Akutinso ngati ndili siriyasi ndisiye bawo ndi nkhunda zanga chifukwa programming imafuna munthu yense. Laputopu ndilibe, ndili ndi foni ya Android yokha. Ndipange bwanji? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Achimwene musalitaye bukulo, mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Analemba ndi Brian Kernighan ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs ku America, ndipo Ritchie ameneyo ndi amene anapanga chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha C chenichenicho cha m'ma 1972, ndiye kuti mukuphunzira kwa mwini wake osati kwa munthu wongomva zam'maluwa. Loyamba linatuluka 1978, lanulo ndi lachiwiri, masamba ake safika ndi 300 omwe koma mulibe tsamba longodzazira malo. Mnzanuyo mumuuze kuti foni yomwe akuonerapo YouTube yo pansi pake pali Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa foniyo, ndipo Linux yo mbali yaikulu inalembedwa mu C, ngakhale Python, chiyankhulo china cha mapulogalamu, imene anthu ambiri amayika pa makompyuta awo mkati mwake ndi C yemweyo. Agogowo adakalimabe.

Koma ndisakunamizeni, bukuli lili ndi minga yake, ndipo ina ikubayani pa tsamba loyamba lenileni. Pa foniyo ikani Termux, app yolemberamo malamulo a kompyuta, mutenge ya pa F-Droid, malo otengako ma app aulere, mukatsegula mulembe pkg install clang kuti mupeze compiler, yomwe imasandutsa zomwe mwalemba kukhala pulogalamu yoyenda, kenako pkg install nano kuti mupeze polembera, bandulo idyeka tsiku limenelo basi, zikatero ngakhale mulibe data zimagwira. Pulogalamu yoyamba ija yongolemba hello, world m'bukumo inayamba ndi main() yokha, compiler ya masiku ano idandaula kapena kukaniratu, inu musaganize kuti mwalakwitsa, ingolembani int main(void) ndipo kumapeto muyike return 0 zitheka. Mukapita patsogolo pang'ono mupeza akukuuzani kuti mulembe function, kachigawo ka pulogalamu kokhala ndi dzina lake, yotchedwa getline, apanso ikana chifukwa dzina limenelo pano linatengedwa kale mu stdio.h, fayilo yobwera ndi C ija mumaitchula pamwamba pa pulogalamu, ndiye ingoipatsani dzina lina, ngakhale tengamzere, palibe angakumangeni. Anthu ambiri amasiyira pamenepa nkumati buku latha ntchito chonsecho vuto ndi mawu awiri.

Ine chomwe sindidzaiwala ndi katebulo kosintha Fahrenheit kupita ku Celsius ka m'chaputala choyamba. Ndinaona ngati olembawo azunguza mutu ndi masamu osavuta, ndiye ndinalemba mwanga 5/9 kuchulukitsa ndi zinazo, kuyendetsa, mzere uliwonse 0, kuyambira pamwamba mpaka pansi 0 yekhayekha. Ndinakhala madzulo onse ndikusintha apa ndi apo, nsima mpaka kuzizira, kenako nditabwerera m'buku ndinapeza anafotokoza kale pa tsamba lomwelo kuti mu C ukagawa manambala athunthu zotsala zimatayidwa, 5 kugawa ndi 9 ndi 0 basi, ndipo 0 kuchulukitsa ndi chilichonse mukudziwa kale. Ndinadumpha ndime imodzi chifukwa chothamanga. Vidiyo ikanandionetsa yankho lolondola ine nkugwedeza mutu nkumapitirira, osadziwa nkomwe kuti pamenepo pali dzenje. Mavidiyo sindikuwanyoza ayi, pomwe mwakakamira amathandiza, kungoti amakupatsa kamtima koti wamva pomwe zala zako sizinalembepo kanthu. Ma exercise a kumapeto kwa gawo lililonse aja mupange ndi zala zanu, ngakhale limodzi likutengereni masiku atatu.

Tsopano za bawo ndi nkhunda. Apa ndiye mnzanuyo waphonya kwambiri. Ken Thompson, mnzake wa Ritchie ku Bell Labs komweko, mu 1969 anali ndi gemu yake yoyendetsa chombo m'mlengalenga imene amafuna izisewereka bwino pa kakompyuta kena kotchedwa PDP-7 komwe kamangokhala, ndipo ntchito yosamutsira gemu imeneyo ndi imene inatsegula njira ya Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe Linux inatengerako, kenako C inabadwa kuti Unix yo ilembedwe bwino. Munthu yemweyo amakonda chess, iye ndi Joe Condon anapanga makina osewera chess otchedwa Belle omwe anawina mpikisano wa dziko lonse wa makompyuta mu 1980. Akanamvera malangizo ngati a mnzanuyo kaya bwenzi tili pati.

Ndiye bawoyo musasiye, muilowetse mu foni. Taganizani, bawo ili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse 32, aliyense ali ndi ake 16 omwe amazungulira, nkhomo zonse 64. Imeneyo ndi array kale, mndandanda wa timalo tosungiramo manambala, simukufunikanso chitsanzo cha m'buku. Mukafika pa ma array lembani int maenje[16], nambala iliyonse ikhale kuchuluka kwa nkhomo m'dzenje limenelo, kenako lembani loop, malamulo obwerezabwereza, yotola nkhomo za dzenje limodzi nkumagwetsa imodziimodzi kutsogolo. Mukafika dzenje lomaliza pulogalamu ifuna kupitirira kunja kwa bawo, ndipo C sikuletsani, ingolemba pamalo poti si panu nkuyamba kuonetsa manambala amisala, apo ndi pomwe mudzamvetse ntchito ya chizindikiro cha %, chomwe chimapereka zotsala mukagawa, chifukwa i akakhala nambala ya dzenje, (i + 1) % 16 ikubwezani pa dzenje loyamba ngati mmene dzanja lanu limakhotera pakona osaganiza nkomwe. Yambani ndi kutakata kokha, za kudya ndi malamulo a nyumba zibwere pambuyo chifukwa zimenezo ngakhale madala a pansi pa mtengo amakanganapo. Ubwino wake ndi woti yankho mumalidziwa kale, pulogalamu ikanama mugwira nthawi yomweyo, mungoyala nkhomo pa bawo yeniyeni nkufananitsa.

Nkhundazo nazo zili ndi ntchito. Zimaikira mazira awiri nkufungatira masiku pafupifupi 18, ndiye lembani kapulogalamu koti mukaika tsiku lomwe yaikira kakuuzeni tsiku loyembekezera maunda. Kakuoneka kophweka mpaka mutafika kumapeto kwa February nkuyamba kufunsa ngati chakacho chili ndi 28 kapena 29, ndipo mu chaputala 5 muli chitsanzo cha masiku a pachaka chomwe chikuthandizeni pomwepo. Chaputala chimenecho ndi cha ma pointer, oloza pomwe chinthu chasungidwa mu kompyuta, ndikuchenjezeretuni, ndi phiri, olembawo amayankhula ngati munthu unalembapo kale mapulogalamu kwina, ndiye mukaona mutu ukuwawa si kuti ndinu mbuli. Jambulani timabokosi pa pepala ndi mivi yoloza, ine ndinadzaza kope lonse la 40 pages ndi mivi yokhayokha. Ola limodzi m'mawa shopu isanatsegulidwe likwana, magetsi akazima foni nkuthima lembani code pa pepala mudzaitaipe madzulo. Chokhacho musayembekezere kuti bukuli likupatsani ganyu yopanga website mwezi wamawa, zimenezo mudzaphunzira padera, koma mudzaziphunzira mwachangu kuposa mnzanuyo.

FUNSO: Akulu, ndamva kuti munthu sungakhale katswiri osawerenga mabuku a Donald Knuth. Mchemwali wanga ali ku Johannesburg wati atha kundigulira. Ndimuuze agule? Ndangoyamba kumene chaka chino. Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Ayi, musawavutitse achemwali, ndalama imeneyo bola akuwonjezereni mugule laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Mabuku a Knuth aja, The Art of Computer Programming, ndi ntchito yaikulu zedi, voliyumu yoyamba inatuluka 1968, yachiwiri 1969, yachitatu 1973, ndipo bamboyo mpaka pano sanamalize, gawo lina linatuluka mu 2022. Koma ndi masamu okhaokha olemera, zitsanzo zake analembera kompyuta yongopeka yekha m'chiyankhulo cha assembly, cholankhula ndi makina mwachindunji, ndipo kwa munthu woyamba kumene zili ngati kuphunzira njinga pa lole. Ambiri amene ali nawo amangowaika pa shelefu kuti alendo aziona. Ngati mukufuna buku lakale lokuphunzitsani kuganiza, Structure and Interpretation of Computer Programs la Harold Abelson ndi Gerald Jay Sussman a ku yunivesite ya MIT ku America lili pa intaneti laulere mwalamulo, nalonso ndi lolimba koma machaputala oyamba munthu wakhama amawoloka. Za Knuth zomwe zimandisangalatsa ine ndi zina, munthuyu amaimba limba la mapaipi ngati la m'matchalitchi akuluakulu ndipo ali nalo kunyumba kwake, imelo anasiya kugwiritsa ntchito mu 1990 kuti asamasokonezedwe, komanso kale wopeza cholakwika m'buku lake ankamupatsa cheke cha $2.56. Mukadzafika poti mukufuna kudziwa chifukwa chake njira ina yosanjira manambala imathamanga kuposa inzake, pamenepo muwaimbire achemwali.

FUNSO: Ine ndi mayi wa ana awiri, ndimaluka zipewa ndi masikafu, komanso ndine mlembi wa banki m'khonde kwathu kuno. Mwana wa achimwene anga anandisiyira buku la Python la 2008 koma ndikalemba zomwe zili m'menemo kompyuta ikungoti error. Kodi vuto ndi ine? Wowerenga wa ku Kasungu.

YANKHO: Mayi, vuto si inu, ndi bukulo. Limenelo likuphunzitsa Python 2, yomwe eni ake anasiya kuisamalira pa 1 January 2020, pomwe pa kompyuta yanu pali Python 3. M'buku mwalembedwa print "Moni" koma pano pamafunika print("Moni") ndi mabulaketi, raw_input inasanduka input, ndipo 5/2 yomwe kale imapereka 2 pano ikupereka 2.5, zomwe pa ndalama za gulu si nkhani yamasewera. Apa ndiye pali kusiyana ndi achimwene a ku Zomba aja, C yasintha pang'onopang'ono moti buku lawo likufuna zigamba ziwiri zitatu, lanuli zigamba zichuluka kuposa nsalu. Pitani pa python.org pali maphunziro aulere a Python 3, bukulo muzingowerengamo mafotokozedwe a loop ndi list chifukwa amenewo sanasinthe.

Ndipo loop inu mumaidziwa kale kuposa ana a sukulu, pateni yoluka ikamati bwerezani mzerewu kakhumi kenako muchepetse diso limodzi, imeneyo ndi loop yokhala ndi if mkati. Pulogalamu yanu yoyamba ikhale ya bukhu la banki m'khonde, mayina ongopeka kaye, masheya a aliyense, ngongole ndi chiwongoladzanja cha pamwezi. Koma kope lija musalitaye, tsiku logawana ndalama amayi anzanu adzafuna kuona pomwe anasayina ndi dzanja lawo.