Funsani za Malamulo: Ndodo yachitsulo yodzitetezera ku England

Funso: Ndimasamalira okalamba ku Manchester ndipo ndimaweruka usiku. Achimwene anga ku Johannesburg ali ndi ndodo yachitsulo ija imafupika n'kulowa m'thumba, koma ukaigwedeza imatalika. Akufuna anditumizire. Kodi ndingayende nayo? Mayi wodandaula, Manchester.

Yankho: Mayi, auzeni achimwene anuwo asatumize. Ku England ndi Wales ndodo imeneyi ndi yoletsedwa kuigula, kuigulitsa, kuibweretsa kuchokera kunja, ngakhalenso kungoisunga m'nyumba.

Timvane kaye za ndodoyo. Imakhala ndi mapaipi achitsulo atatu olowetsana. Zambiri zimatalika mainchesi 16, 21 kapena 26 zikatambasuka. Zina zimatuluka mukadina batani, zina mukazigwedeza mwamphamvu mapaipiwo amathinana okha, ndipo kuti zifupikenso mumagunditsa nsonga yake pasimenti. Ogulitsa ena pa intaneti amanena kuti yoletsedwa ndi ya batani yokha. Zinali choncho kale. Mndandanda wa zida zoletsedwa wa 1988, pansi pa gawo 141 la lamulo la Criminal Justice Act, unatchula ya batani, koma mu 2004 anawonjezamo yogwedezayo ndi ndodo zowongoka zimene apolisi amagwiritsa ntchito. Kuyambira pa 14 July 2021, lamulo la Offensive Weapons Act 2019 linaletsanso kukhala nayo kunyumba. Choncho phukusilo likhoza kugwidwa ndi a Border Force, oyang'anira malire a dziko la UK, ndipo dzina lolembedwa pamwamba ndi lanu.

Mukapezeka nayo pamsewu, mubasi, ngakhale m'galimoto yanu ili pamalo oimikapo anthu onse, mlandu umakula. Lamulo la Prevention of Crime Act 1953 limalola chilango chofika zaka 4 kundende. Apa ndi pamene ambiri amadzimangira okha. Wapolisi akafunsa, munthu amayankha mosabisa kuti "ndi yodzitetezera", akuganiza kuti akudzipulumutsa, pamene wavomera kuti wanyamula chinthu chomenyera munthu. Makhoti a kumeneko, kuyambira pa mlandu wa Evans v Hughes wa 1972, amati chifukwa chomveka chingakhalepo ngati pali chiwopsezo chenicheni chimene chili pafupi kuchitika. Mantha a tsiku ndi tsiku, akuti dera lathu ndi loopsa usiku, sakwanira.

Kwa inu chowawa kwambiri si ndende ayi. Mlandu wotere umaoneka pa kafukufuku wa mbiri ya milandu ya munthu, wotchedwa DBS, amene olemba ntchito yosamalira okalamba amafuna, ndipo ukhoza kusokoneza viza yanu. Mlendo wolamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo, lamulo limati abwezedwe kwawo.

Kumene kuli achimwene anuko malamulo ndi osiyana. Ku South Africa ndodozi zimagulitsidwa poyera. Lamulo lawo, Dangerous Weapons Act ya 2013, limagwira munthu amene ali ndi chida m'njira yokayikitsa kuti akufuna kuchita nacho zoipa, ndipo chilango chimafika zaka 3. Walonda wopita kuntchito ndi munthu wozungulira mpanda wa eni ake pakati pa usiku saonedwa mofanana.

Funso: Nanga tsabola wopopera m'maso uja? Ndipo ine ndodoyo ndili nayo kale, ndinabwera nayo m'sutikesi. Nditani? Bambo wa ku Leeds.

Yankho: Tsabolayo ndiye woopsa koposa, bambo. Amamuika m'gulu la zida zoletsedwa pansi pa gawo 5 la Firearms Act 1968, lamulo la mfuti, ndipo chilango chake chimafika zaka 10.

Ndodoyo musaipereke kwa mnzanu, chifukwa kupatsa kapena kubwereketsa ndi mlandunso. Imbani 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosafulumira, mufunse kumene mungakaisiye. Ikulungeni bwino, muimate ndi tepi, muiike pansi pa chikwama, ndipo mupite molunjika osakhotera kusitolo. Ngati apolisi akufunsani kale za ndodoyo, musayankhe loya asanafike. Kupolisi loya ndi waulere kwa aliyense, mlendo yemwe.

Chimene mungayende nacho momasuka ndi alamu yam'manja, yokoka kapini n'kulira mokweza kwambiri. Ikhale m'dzanja poyenda, osati pansi pa chikwama pamene simungaipeze mutadzidzimuka. Tochi nayo ndi yololedwa, bola ikhale younikira. Mukanena kuti mwainyamulira kumenyera munthu, yasanduka chida pamaso pa lamulo. Kudziteteza pakokha sikoletsedwa. Wina akakuukirani mukhoza kugwiritsa ntchito mphamvu yoyenerana ndi chiwopsezocho, ngakhale ndi ambulera imene inali kale m'manja, koma akayamba kuthawa musamuthamangitse kuti mumumenye. Imbani 999, nambala ya zadzidzidzi.