Dzanzi la kumapazi kwa amayi anu

Mlongo wina wa ku Chipoka wandilembera kuti amayi ake achita dzanzi mapazi onse awiri, usiku amawotcha ngati aponda moto, ndipo abale akuti anaponda mankhwala. Kalatayi yandikhudza, chifukwa malume anga a ku Senga Bay anaduka mwendo ndi nkhani yomweyi.

Malumewo anali msodzi. Tsiku lina anafika pakhomo mbedza ili chibayire kuphazi, magazi akudontha mumchenga, iwo akuseka osamva kanthu. Tinawatengera kwa asing'anga. Anawatema mphini mwendo wonse, nkhuku zinatha m'khola, abale anasiya kulankhulana. Shuga anadzawayeza bala litayamba kale kununkha.

Mukaponda chinthu, uthenga umayenda m'minyewa ngati kamagetsi. Selo la mnyewa limatsegula timakomo, mchere wotchedwa sodium n'kulowa, wina wotchedwa potassium n'kutuluka, ndipo kachigawo kotsatira kamachitanso chimodzimodzi mpaka uthengawo ufike kumsana ndi ku ubongo. Selo likathera, limatulutsa timadzi tomwe timawoloka kampata kukadzutsa linzake. M'minyewa yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, uthenga umathamanga mpaka mamita 120 pa sekondi. Tsono minyewa yopita kuzala zakumapazi ndi yomwe ili yaitali kuposa yonse, pafupifupi mita imodzi kuchokera kumsana. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, imayamba kuwonongeka ndi imeneyo. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera pang'onopang'ono. Ndi mfiti yanji yomwe imalodza mapazi onse awiri mofanana chonchi?

Ndipo ine amandinyansa kwambiri ndi anyamata okwera m'minibasi ndi mabotolo, akuti botolo limodzi lichiza dzanzi, BP, shuga ndi kusabereka. Anthu amagula, ena mpaka kusiya mankhwala a kuchipatala. Kumeneko n'kuba, ndilibe dzina lina lokupatsa.

Nanga mutani?

Pitani nawo kuchipatala akayezedwe shuga. Ngati akumwa mankhwala a TB, muwauze adokotala, chifukwa isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, amabweretsanso dzanzi, ndipo achipatala amapereka vitamini B6 wotetezera. Kachasu nayenso amawononga minyewa. Madzulo aliwonse muziwayang'ana kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala, ndipo asamayende opanda nsapato, ngakhale popita kubafa.