Achimwene, za mgwirizano wa fakitale yanu ija

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndiye ndiyankha pakamwa, zala zatopa. Mwafunsa za kampani yakunja ija ikufuna kugwirizana ndi fakitale yanu ya mabeseni ndi mapaipi, kuti kodi ibweretsadi luso latsopano kapena akungobwera kudzakudyerani masuku pamutu.

Eee, ndiyambe ndi nkhani imene amakonda kutiuza kuno ku Durban, poti ifetu timapanga zipangizo zopita ku fakitale ya galimoto. Ku Fremont, ku California, kampani ya galimoto ya General Motors (GM) inali ndi fakitale yotchuka ndi chisawawa. Anthu kujomba, ena kumwera mowa pantchito pomwepo, galimoto kutuluka zolakwikalakwika. Anaitseka mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso, ulendo uno GM itagwirizana ndi Toyota, nkuitcha NUMMI. Ndiye mvetsetsani apa: ambiri amene analembedwa ntchito anali anthu omwe aja ankatchedwa aulesi. Toyota inawatenga magulumagulu kupita nawo ku Japan, ku fakitale yake ya Takaoka, kukagwira ntchito limodzi ndi eni ake, manja pachitsulo.

Chimene anakachiona kumeneko ndi chingwe. Chingwe basi, chapamwamba pa laini yolumikizira galimoto, amachitcha andon. Ku GM lamulo linali loti laini isaime zivute zitani, cholakwika chikakonzedwa kumapeto. Ku Toyota ukaona bawuti sanalowe bwino umakoka chingwe, mkulu wa gulu lako amathamangira pomwepo, zikakanika laini yonse imaima. Tangoganizani, munthu wamba wovala ovolosi kuimitsa fakitale, osadzudzulidwa, mwinanso kufunsidwa kuti iwe ukuona kuti tisinthe chiyani. Maganizo atsopano ambiri amachokera pamenepo, kwa amene akugwira sipanala. Posakhalitsa galimoto za ku Fremont zinali m'gulu la zabwino kwambiri mwa zonse zotuluka m'mafakitale a GM. Nyumba yomweyo, anthu omwewo.

Koma achimwene, apa ndi pamene ndikufuna muyimepo. Anapindula kwambiri ndani? Toyota inabwera ikudziwa chimene ikufuna: kuphunzira kugwira ntchito ndi anthu a ku America komanso ogulitsa zipangizo a kumeneko. Itaphunzira, mu 1988 inayamba kutulutsa galimoto pa fakitale yakeyake ku Georgetown, Kentucky. GM inatumiza mabwana ake ku NUMMI, nawo anaphunzira ndithu, koma atabwerera anawamwaza uyu uko uyu uko, ndipo anzawo sanafune kuwamvera. Ku fakitale ina ya GM ya ku Van Nuys anayesa kukopera, osasintha mtima wa mabwana, fakitaleyo inatsekedwa mu 1992. Zinatenga zaka zambirimbiri kuti nzeru zija zilowerere. Mu 2009 GM itagwa pachuma inatulukamo, 2010 NUMMI nkutseka, ndipo nyumbayo anagula ndi a Tesla.

Inenso ndinaziona ndi maso pamene ndinkagwira kale, dzina sinditchula. Anzathu akunja anabweretsa makina okongola, ife kuwomba m'manja. Koma kompyuta yake anaitseka ndi pasiwedi. Akangovuta timakhala pansi sabata yathunthu kudikira katswiri abwere pandege, akonze chitseko chili chotseka, adye lanchi, abwerere. Zaka zitatu, palibe mmodzi wa ife amene anadziwa ngakhale kusintha kutentha kwa makinawo. Katundu ankatuluka, inde, koma luso linatsala kwawo.

Ndiye poti mwati Lolemba muli ndi msonkhano, afunseni mabwanawo kuti ndani akapite kukaphunzira. Akati manejala ndi wa akaunti, dziwani kuti ndi ulendo wokagula masuti. Apite amene amasintha zikombole ndi amakaniko, ndipo akabwerako akhale pamodzi, apatsidwe mphamvu zosintha zinthu. Funsaninso za zikombolezo, kuti mukapanga beseni la mtundu watsopano logwirizana ndi zimene amayi amafuna pamsika wa Limbe, mwini wake wa pulaniyo ndi ndani, inu kapena iwo? Zimenezo zilembedwe papepala, asangonena pakamwa.

Batire ikutha. Mundiuze Lolemba madzulo mmene ayankhire, makamaka za pasiwedi ija. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.