Za filimu ya ku Korea ija, zinachitikadi?

Achimwene ena a ku Luchenza anditumizira imelo, akuti anaonera filimu ya ku Korea pa foni, ya kamnyamata kamene kanataya mlongo wake pokwera sitima yapamadzi akuthawa nkhondo, ndiye akufunsa ngati zinachitikadi kapena angopeka kuti anthufe tilire basi.

Achimwene, filimu mukunenayo ndi Ode to My Father ya 2014. Anthu akewo ndi opeka koma zochitikazo ndi zenizeni. Mu Disembala 1950 chikhamu cha anthu chinathawira pa doko la Hungnam ku North Korea kulimbirana masitima opita kumwera, kumenyana kunaleka mu 1953 koma malire a pakati pa North Korea ndi South Korea anatsekedwa mpaka lero. Pamene munalira paja, pa TV paja, ndi zoonanso. Mu 1983 siteshoni ya TV ya KBS ku South Korea inaulutsa pulogalamu yofufuza abale kwa masiku 138, anthu atanyamula mapepala olembapo mayina ndi midzi yawo, ena akuzindikirana ndi chipsera chabe, ndipo mabanja opitirira 10,000 anapezana. Amene abale awo anatsala kumpoto sanaphule kanthu.

Koma ine chimandidabwitsa nchoti timalirira aku Korea ngati kwathu kuno kulibe zotere. Ifeyo a ku Mulanje? Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo isanathe mu 1992 anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira muno, ena analowera pa Muloza pompa kuchokera ku Milange, mwana kumsana, mtolo pamutu, wina kutsala kumunda osadziwa kuti anzake apita. Mnyamata wa mufilimuyo akupita kukakumba malasha ku Germany kuti adyetse banja, nanga si za Wenela zomwezo eti, azigogo athu opita ku Joni ena nkusanduka matchona osabweranso.

Ndinaonera filimuyi ndi azakhali anga, ine ndikumasulira pang'onopang'ono poti ilibe DJ wa Chichewa ngati za mu vidiyo sho. Itafika pa TV paja anangonyamuka kukasonkhezera moto, nsima itapsa kale. Mawa lake ndi pamene anandiuza dzina la mng'ono wawo amene anatsala tsidya lija mu 1986, dzina loti ine sindinalimvepo chibadwire. Ndiye achimwene, mukamaonetsa akuluakulu kunyumbako musathamangire kuyika ina ikangotha.