Marcus Freeman wakhwima kapena akadali kuphunzira? Yankho kwa achimwene aku South Bend

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akukhala ku South Bend, ku Indiana, komwe kuli abale athu angapo ndithu. Ndaifupikitsa koma nkhani yake ndi iyi: "Kuntchito kwathu anthu sakamba china koma Notre Dame basi, ine mpira wawo waku America uwu ndauzolowera mochedwa koma pano ndimaonera. Ena akuti Marcus Freeman ndi dolo, ena akuti anangopatsidwa timu yabwino asanakhwime ndipo chikho sadzachigwira. Kodi kochi amene sanatsogolerepo timu mumamuyeza bwanji, nanga ameneyu apita patali?"

Achimwene zikomo, pepaninso ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndikhale pansi bwinobwino chifukwa funso lanuli lili ndi mnofu. Enanu amene mukuwerenga muli ku Ndirande kapena ku Chipata, tikunena mpira wovala zipewa zolimba uja, wogundana ngati nkhosa zamphongo, wa mayunivesite, osati wathu wa Bullets ndi Noma. Notre Dame ndi yunivesite ya ku South Bend komweko, Marcus Freeman ndiye kochi wamkulu wa timu yake. Koma osewera ndi 11 mbali iliyonse ngati wathu womwe, nambala imeneyi muisunge tiifuna kutsogoloku.

Mmene analowera munthuyu zinali zadzidzidzi. Kumapeto kwa Novembala 2021 Brian Kelly, amene anakhala pa Notre Dame kuyambira 2010 mpaka kuposa Knute Rockne, kochi wawo wotchuka wakalekale, pa magemu owina, anangodzuka ulendo wa ku LSU, yunivesite ya ku Louisiana, atamuonetsa kontrakiti ya zaka 10, timu ili ndi mwayi wolowa playoff, mpikisano wa matimu apamwamba olimbirana chikho cha dziko, iye wapita. Freeman nthawi imeneyo anali ndi zaka 35, atangogwira sizoni imodzi ngati mkulu wa difensi pa Notre Dame, asanabwere anali ku Cincinnati pansi pa Luke Fickell, kumbuyoko Purdue ndi Kent State, koma ukochi waukulu sanaugwirepo ngakhale pa sekondale. Osewera ndi amene amamufuna, atamulengeza pa 3 Disembala anyamata analumphalumpha ngati awina chikho. Kenaka mpira unayamba kuyankhula. Gemu yoyamba, Fiesta Bowl (bowl ndi gemu yapadera yotsekera sizoni) pa 1 Januwale 2022, amatsogola 28–7 kwa Oklahoma State mpaka kuluza 37–35. Seputembala atafika analuza 21–10 kwa Ohio State, imeneyo anthu anamvetsa, koma sabata yotsatira katimu ka Marshall kanabwera pakhomo pawo pomwe nkuwaswa 26–21. Mu mbiri yonse ya Notre Dame panalibe kochi amene anayamba ndi kuluza magemu atatu oyamba, iye ndi woyamba.

Ndiye anzanu akuntchito akamakayikira musawatenge ngati a nsanje, anapsapo kale ndi makochi ongoyamba kumene. Mu 1981 sukuluyi inatenga Gerry Faust kuchokera ku Moeller, sukulu ya sekondale ya ku Cincinnati, munthu wabwino wokonda Notre Dame ndi mtima wonse, zaka 5 anawina 30 kuluza 26 nkutula pansi. Bob Davie naye anali mkulu wa difensi wokwezedwa mu 1997 ngati Freeman yemweyu, sizinayende. Koma amene ine ndimamukumbukira kwambiri ndi Charlie Weis, chifukwa iyeyo amationetsa kuopsa kwa mbali inayo, kotengeka msanga. Anabwera mu 2005 kuchokera ku New England Patriots ali ndi mphete za Super Bowl, fainolo ya ligi yaikulu ya NFL, nkuyamba kuwina ndi osewera amene anawapeza, mpaka ataluza movutikira 34–31 kwa USC akuluakulu anasangalala ndi kuluza komweko nkumupatsa kontrakiti ya zaka 10 sizoni yoyamba isanathe nkomwe. Chikomekome cha mkuyu. Pofika 2007 timu inawina magemu 3 kuluza 9, mu 2009 anamuchotsa koma anapitiriza kumulipira zaka ndi zaka ali kwina. Ku Miami nakonso Larry Coker anatenga chikho cha dziko mu 2001 chaka chake choyamba ndi timu yomanga Butch Davis, pofika 2006 anali atachotsedwa. Pomwe Kirby Smart chaka chake choyamba ku Georgia mu 2016 anawina 8 kuluza 5, analuza ngakhale kwa Vanderbilt pakhomo, ndipo Dabo Swinney mu 2010 anamaliza 6–7 masapota a Clemson akutokota kuti achoke, awiri onsewo pano ali ndi zikho ziwiriziwiri.

Mukuona vuto lake eti, manambala a chaka choyamba ndi chachiwiri amanama mbali zonse, chifukwa anyamata amene ali mu graundi ambiri anawasankha ndi kochi wakale. Ine kochi watsopano ndimamuyeza ndi chinthu chimodzi kuposa zonse: akalakwitsa, cholakwacho chimabweranso? Kulakwitsa kokha alakwitsa ndithu, mutu ukakula sulewa nkhonya, munthu amene dzulo amangoyang'ana difensi lero akuyenera kuwerenga wotchi, matimeout, kusankha pa 4th down (mwayi womaliza mwa inayi imene timu imapatsidwa kuti ipite mayadi 10), kuyankha atolankhani, kunyengerera makolo a ana amene akufuna kuwatenga, zonse nthawi imodzi. Koma ngati chaka chachinayi akugwabe pa mwala womwe uja ndiye kuti saphunzira.

Nambala 11 ija ibwere tsopano. Pa 23 Seputembala 2023 Ohio State inabwera ku South Bend, Notre Dame ikutsogola 14–10 kutatsala masekondi ochepa, Ohio State ili ndi mpira, yatsala yadi imodzi kuti igoletse. Ma play awiri omaliza Notre Dame inali ndi anthu 10 okha mu graundi, ndipo chowawa kwambiri nchoti anali atangochoka pa timeout yawo yomwe, makochi onse aja ndi mahedifoni awo palibe anawerenga. Ohio State inathamangitsira mpira mbali yomwe kunalibe munthuyo, Chip Trayanum nkulowa kutatsala sekondi imodzi, 17–14. Freeman atafunsidwa anafotokoza kuti anazindikira mochedwa ndipo amaopa penate chifukwa matimeout anali atatha, koma zoona zake penate pamenepo ikanangosuntha mpira pang'ono chabe, bola penate kusiyana ndi kusiya khomo pululu. Kumeneko kunali kulakwa kwa kochi wosakhwima, palibe kuzungulira.

Ndiye tadumphani mufike pa 2 Januwale 2025, Sugar Bowl ku New Orleans, akusewera ndi Georgia ya Kirby Smart yemweyo. Kota yomaliza, 4th down yadi imodzi, ali mbali yawo. Freeman analowetsa timu ya punt ngati akufuna kuukankhira kutali, Georgia nayo nkukonzeka, mwadzidzidzi anthu onse 11 anathamanga kutuluka ena 11 a ofensi nkulowa, Georgia inasokonezeka mpaka munthu wawo kudumpha mzere, first down yaulere, ndiye kuti mpira ukhalabe ndi Notre Dame, wotchi nkumapita. Notre Dame inawina 23–10. Munthu amene miyezi 15 yapitayo analephera kuwerenga mpaka 11 ndi yemweyo anapusitsa kochi wa zikho ziwiri posinthanitsa anthu 11, ine pamenepo ndi pomwe ndinasiya kumutchula kuti mfana. Inde, Georgia inalibe quarterback wawo (woponya mpira amene amatsogolera ofensi) Carson Beck amene anavulala, izo tisabise, koma Notre Dame nayo inali ndi ovulala mbwee, Benjamin Morrison ndi Rylie Mills kunalibe, ndipo bowl yaikulu ngati imeneyo anali asanawineko kuyambira Januwale 1994, Kelly zaka zake zonse zija sanakwanitse.

Sizoni imeneyo ya 2024 inayamba ndi manyazi ena oopsa. Atakawina 23–13 ku Texas A&M, sabata yotsatira Northern Illinois, timu imene anailipira madola 1.4 miliyoni kuti ibwere idzamenyedwe, inadya ndalamazo nkuwamenya iwowo 16–14 pakhomo. Apa anzanu okayikira aja ali ndi mfundo, chifukwa ndi mwala womwe uja wa Marshall, ndi womwe uja wa Stanford amene anawina 16–14 ku South Bend mu 2022 ali timu yofooka. Koma chimene chinachitika pambuyo pake ndi chimene ine ndimayang'ana kachiwiri, timu ikagwa imabalalika kapena ayi. Anawina magemu 13 motsatizana, Indiana 27–17, Georgia ija, Penn State 27–24 mu Orange Bowl, mpaka fainolo ku Atlanta pa 20 Januwale. Mu 2022 zinalinso choncho, quarterback Tyler Buchner atavulala pa gemu ya Marshall anthu amati sizoni yafa, koma Novembala anaswa Clemson 35–14 nkumaliza 9–4. Anyamata samutaya munthuyu, ndipo masiku ano a transfer portal, njira yosamukira ku timu ina, omwe wosewera akakhumudwa amangonyamula chikwama, chimenecho sichaching'ono.

Chinanso ndi anthu amene amawalemba ntchito. Freeman ndi wa difensi, anali linebacker ku Ohio State pansi pa Jim Tressel, Chicago Bears inamutenga mu 2009 koma vuto la mtima linamusiyitsa kusewera, ndiye ofensi amadalira ena. Tommy Rees atapita ku Alabama anakweza Gerad Parker wa mkati momwemo, mu 2023 ofensi imaoneka bho ikakumana ndi matimu ofooka koma kwa Louisville ndi Clemson inazima ngakhale anali ndi Sam Hartman. Parker atapita ku Troy sanabwerezenso zokweza mnzake, anakatenga Mike Denbrock ku LSU komwe anali atangothandiza Jayden Daniels kutenga Heisman, mphotho ya wosewera wopambana onse wa mayunivesite. Ku difensi nako analemba Al Golden, munthu amene anakhalapo kochi wamkulu ku Temple ndi Miami, makochi ambiri achichepere amaopa kuika pambali pawo munthu woti akhoza kuwalanda mpando, iye sanaope.

Tsono kumene ndikuvomerezana ndi okayikira ndi uku. Ohio State, sukulu yake yomwe, wakumana nayo katatu waluza katatu. Mu fainolo ija anali kumbuyo 31–7 asanadzuke, ndipo ali kumbuyo 31–15 mu kota yomaliza anasankha field goal (kumenya mpira pakati pa zitsulo, mapointi atatu) mmalo moyesa touchdown (kulowa nawo mpira kumapeto kwa graundi), mpira nkumenya chitsulo, gemu inatha 34–23. Mpaka lero sindimvetsa mapointi atatu akanamuthandiza chani pamenepo. Komanso matenda oyamba sizoni mozizira aja sanathe, angosintha maonekedwe. Mu 2025, Golden atapita ku Cincinnati Bengals nkubwera Chris Ash, quarterback ali watsopano CJ Carr, analuza magemu awiri oyamba, 27–24 ku Miami ndi 41–40 kwa Texas A&M pakhomo. Amenewa si Marshall ayi, ndi matimu amphamvu ndipo kusiyana kwake mapointi 4 okha magemu awiri, kenaka anawina 10 motsatizana monga mwa chizolowezi chake, koma komiti inawasiya kunja kwa playoff ya matimu 12 nkulowetsa Miami. Notre Dame ilibe conference, ligi ya gulu la mayunivesite imene matimu ena ali nayo, palibe fainolo ya Disembala yoti ukadziombolere, ndiye zimene wataya kumayambiriro zimakutsata mpaka kumapeto. Atasiyidwa choncho timu inakana kusewera bowl, zimenezo ine sizinandisangalatse, zinaoneka ngati kunyanyala nsima chifukwa ndiwo zachepa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ponena kuti anangopatsidwa timu yabwino, zinali zoona mu 2022, Kelly anasiya timu imene inawina magemu 11. Pano sizigwiranso. Jeremiyah Love ndi wa Freeman, Carr ndi wa Freeman, Riley Leonard anamutenga yekha ku Duke, ndipo zaka zimene Weis ndi Coker ankatsika, chachitatu ndi chachinayi, ndi zimene iye wakwera. Pofika kumapeto kwa sizoni ya 2025 anali atawina 43 kuluza 12, pasukulu imene wosewera amayenera kukhozadi mkalasi kuti alowe. Kelly amene anamusiyira mpando uja LSU inamuchotsa mu Okutobala 2025, ndangokumbutsa chabe.

Ndiye apita patali? Ine ndikuti inde, kuchotsedwa ayi, anamuwonjezera kontrakiti mu Disembala 2024 ndipo mantha enieni a anthu a ku South Bend akuyenera kukhala matimu a NFL omwe amakonda makochi achinyamata oyankhula bwino ngati iyeyu. Za chikho sindikulonjezani, Notre Dame inachigwira komaliza mu 1988 ndi Lou Holtz, Freeman ali ndi zaka ziwiri zakubadwa. Koma mawu oti akuphunzira aja asiyeni, asamutetezenso ndipo asamunyozenso nawo, timu ndi yake makochi ndi ake. Mukafuna kuwina mkangano wakuntchito uja auzeni anzanu adikire magemu awiri oyamba a sizoni ikubwerayi, akatuluka ali 2–0 ndiye kuti mwala womaliza uja waudumpha, akapunthwanso pamenepo mundilemberenso achimwene, ndidzavomera pompano kuti anzanuwo anaona zimene ine sindinaone.