Kodi ndisiye benchi langa ndipite kumsonkhano waukulu wa chipani?

FUNSO

Zikomo bambo wa tsamba lino. Ndine mayi wa ana anayi, ndimapikula mpunga kusikimu ya Likangala n'kumagulitsa pamsika wa Jali kuno ku Zomba. Ndakhala m'chipani changa zaka zambiri ndipo ndine wapampando wa amayi kunthambi yathu. Atsogoleri atiuza kuti msonkhano waukulu wa chipani ukachitikira ku Lilongwe, ndipo wofuna kupita asonkhe ya minibasi. Anzanga akuti kumeneko kumagwa nsalu ndi ndalama. Bambo akunyumba akuti ndikangotaya mpamba, poti zonse akuluakulu amakhala atapangana kale. Mtima wanga ukufuna kupita. Kodi kuli phindu kwa membala ngati ine?

Mayi wa ku Jali, Zomba

YANKHO

Mayi, musanapereke ndalama kwa wina aliyense, pitani kwa gavanala wa chipani m'dera la phungu wanu mukamufunse kuti: kodi ndikupita ngati nthumwi yovota, kapena ndikungoperekeza? Mukamuumirize akuonetseni mndandanda. Yankho langa lonse latsamira pamenepo.

Msonkhano waukulu, umene ambiri amangoti konivenshoni, si msonkhano wapabwalo ngati ija imachitikira pa Gymkhana kapena pa Thondwe, yoti aliyense afike n'kuvina. Malamulo a chipani chilichonse amatchula anthu amene ali ndi voti, ndipo kawirikawiri amakhala a m'makomiti a chigawo, a boma ndi a dera la phungu, pamodzi ndi aphungu ndi akuluakulu a komiti yaikulu. Wapampando wa kunthambi nthawi zambiri salowa pamndandandawo pokhapokha atasankhidwa mwapadera. Pakhomo la holo pamakhala alonda, ndipo wopanda chitupa cha nthumwi amabwezedwa. Ndinaonapo ndi maso anga amayi a mbali za ku Chingale atakhala pakapinga kunja kwa holo tsiku lonse, nsalu zatsopano zili m'chiuno, chakudya palibe, ndipo zotsatira anazimvera pawailesi ya m'foni monga mmene anazimvera anzawo otsala kumudzi. Usiku anagona m'kalasi yapasukulu ina. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa amayi amenewo ndi amene amayenda khomo ndi khomo nthawi ya kampeni.

Ngati ndi choncho kwa inu, musapite. Kuchoka ku Zomba kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza mpaka ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Kupita ndi kubwera, kuphatikiza masiku a msonkhanowo, benchi lanu likhala lotseka pafupifupi sabata, makasitomala anu azikagula kwa mnzanu. Nsalu imodzi ndi tisheti sizingabweze zimenezo.

Koma ngati dzina lanu lili pamndandanda wa nthumwi, pamenepo nditsutsana nawo bambo akunyumbawo, mwaulemu. N'zoona kuti mpando wa mtsogoleri nthawi zina umakhala utatha kale msonkhano usanayambe. Mu Ogasiti 2024, a Lazarus Chakwera anadutsa popanda wopikisana nawo kumsonkhano wa MCP ku BICC ku Lilongwe, ndipo a Peter Mutharika nawonso anadutsa chimodzimodzi kumsonkhano wa DPP ku COMESA Hall ku Blantyre mwezi womwewo. Bambowo akamati zonse n'zopangana, akuona zimenezi. Koma sizikhala choncho nthawi zonse. Mu Ogasiti 2013, nthumwi za MCP zinachotsa a John Tembo, munthu amene anakhala pafupi ndi Kamuzu zaka zambirimbiri ndipo anthu ankati sangagwedezeke, n'kuika a Chakwera, amene anali atangochoka pautsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God. Anavota tsiku limenelo anali anthu wamba ngati inu, magavanala ndi amayi a m'maboma, ndipo patapita zaka zisanu ndi ziwiri munthu amene anamusankhayo analowa ku State House. Mu Novembala 2024 ku Mzuzu, a UTM atataya a Saulos Chilima pangozi ya ndege ku Chikangawa, nthumwi zinasankha a Dalitso Kabambe, amene anali atangolowa m'chipanimo miyezi yochepa, kusiya a Patricia Kaliati amene anali mlembi wamkulu kuyambira pachiyambi. Kaya munthu akondwe nazo kaya ayi, anagamula ndi amene anali m'holo.

Ndiye pali mipando ina ija anthu saitchula kwambiri pawailesi: mlembi wamkulu, msungichuma, mkulu wa amayi, mkulu wa achinyamata, mkulu woona za zisankho. Kwa inu a ku Jali, imeneyi ndiyo imakukhudzani kuposa wa pulezidenti. Ndi anthu amenewa amene amayendetsa zisankho zachipulula. Mukadandaula kuti kudera kwanu akuikirani munthu amene simunamufune kuti aimire uphungu kapena ukhansala, dandaulo lanu limakathera patebulo lawo. Pamipando imeneyi mpikisano umakhala woopsa, ndipo nduna ndi aphungu otchuka amagwa ndithu. Kumsonkhano komweko ndi kumene amasinthanso malamulo oyendetsera chipani. Apa ndikupemphani mukhale tcheru, chifukwa zosinthazo amakonda kuziwerenga mothamanga, mwinanso m'Chingerezi, anthu atatopa, kenako n'kufunsa kuti "tagwirizana?" holo yonse n'kuwomba m'manja. Akulu athu akukumbuka kuti mu 1970 msonkhano waukulu wa MCP ndi umene unavomereza kuti Kamuzu akhale mtsogoleri wa chipani wamuyaya, ndipo chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo, imene inkakumana kuno ku Zomba, inamupanga pulezidenti wamuyaya wa dziko. Zinatengera riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kuti dziko libwerere ku zipani zambiri. Manja owombedwa m'holo amafika patali.

Tsopano za ndalama zimene anzanu akunena. Sindikubisirani, zimayenda. Usiku woti mawa kuvota, opikisana amazungulira m'malo ogona nthumwi, wina ndi envulopu, wina ndi nsalu, wina ndi lonjezo la njinga. Ndalama ya mayendedwe, chakudya ndi malo ogona imene chipani chimapereka kwa nthumwi zonse mofanana ilibe vuto, ndipo mufunsiretu musananyamuke kuti ndi zingati ndipo apereka liti, chifukwa ena amasiyidwa padepoti msonkhano ukatha. Koma envulopu ya munthu mmodzi yobwera usiku ndi mtengo wa voti yanu. Dziko lathu lili ndi lamulo la zipani la 2018 limene limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo linabwera chifukwa khalidweli linafika ponyanya. Inu mumadziwa malonda kuposa ine: amene wapikula ndi ndalama zambiri amakabweza pogulitsa. Wogula mpando amadzabweza ndalama zake pa inu nomwe, ndipo mukadzapita kwa iye ndi nkhani ya mlatho kapena mjigo adzakuyang'anani ngati munthu amene analipidwa kale. Voti imakhala yachinsinsi. Palibe amene adzalowe nanu m'kachipinda kovotera.

Mukatsimikiza kuti ndinu nthumwi, itanani amayi a kunthambi kwanu musananyamuke. Muwawerengere mayina a opikisana, akuuzeni amene akumufuna ndi chifukwa chake. Akuuzeninso zimene zikuwawawa: mtengo wa feteleza, msewu wa ku Kachulu nthawi ya dzinja, mavenda amene amagula mpunga motchipa nthawi yokolola. Opikisana akabwera kudzakupemphani voti, muwafunse zimenezo pamaso, chifukwa ndi masiku ochepa amenewo pamene munthu wamkulu amaima n'kumvetsera mayi wa ku Jali mpaka amalize kulankhula. Mutengenso manambala a nthumwi za maboma ena. Pobwera mukawafotokozere amayiwo mmene munavotera.

Ngati dzina lanu palibe, ndalama ya minibasiyo ionjezereni pampamba. Zipani zambiri zimachita msonkhanowu kamodzi pa zaka zisanu, ndipo usanafike pamakhala zisankho za makomiti a kunthambi, a dera ndi a boma. Kumeneko ndi kumene mndandanda wa nthumwi umabadwira, ndipo ambiri sapitako chifukwa kulibe nsalu. Inu pitaniko, mupikisane pampando wa amayi kudera la phungu wanu. Mukapambana, ulendo wotsatira wa ku Lilongwe mudzanyamuka ndi chitupa m'manja, ndipo ya minibasi simudzasonkha nokha.