Akukwezerani malipiro, nanga bwanji ndalama zikutha pa 15?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti kuntchito amuwonjezera malipiro, koma pofika pa 15 m'thumba mwauma kale, ndiye akufunsa ngati vuto ndi iyeyo, kuti mwina ndi wosakaza.

Mayi, mwandiponda pachilonda. Mu 2024 nanenso anandikweza, kuchoka pa K400,000 kufika pa K450,000. Tsiku lomwe kalatayo inabwera ndinagula nkhuku yamoyo, n'kuimbira amayi kumudzi kuti zinthu zayamba kuyenda. Limenelo ndiye linali tsoka langa, chifukwa nkhani inafika kwa amalume, ndipo sabata isanathe mwana wawo anali atandilembera kale za fizi.

Payslip itabwera ndinakhala pansi ndi cholembera. Chaka chimenecho K150,000 yoyambirira sinkadulidwa msonkho, koma yotsatira mpaka K500,000 ankadulapo 25 peresenti. Ndiye pa K50,000 yanga yatsopano ija, msonkho wa pamalipirowu (PAYE) unatengapo K12,500, penshoni K2,500. Imene inafika m'manja inali pafupifupi K35,000. Yomweyonso ndikakalowa nayo m'shopu, msonkho wa pa zogula (VAT) wa 16.5 peresenti unkandidikira pa kauntala.

Komatu msonkho umaonekera papepala. Wakuba weniweni ndi uja wosalembedwa. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo miyezi yambiri ya 2024 mitengo inkakwera ndi maperesenti opitirira 30 pa chaka. Ine anandiwonjezera 12.5 peresenti. Werengani nokha. Alandilodi anakweza lendi, kondakitala wa minibasi anakweza, mayi wa tomato anachepetsa mulu osasintha mtengo. Uyu ndimamupatsa ulemu, amadziwa zachuma kuposa ena ovala mataye. Shuga anasowa, tinkaima pamzere ngati tikukavota.

Ndipo anthu amene amati "ingosiyani zosafunika" amanditopetsa. Zosafunika ziti? Mayunitsi a magetsi? Mafuta ophikira omwe tikugula oyeza m'kapulasitiki? Munthu wa malipiro apakati ndiye wophwanyidwa: msonkho sangauzembe poti amadula asanaione n'komwe ndalamayo, koma kumudzi amamuona ngati banki. Malire osadula msonkho aja anakhala pa K100,000 kuyambira 2020 mpaka 2024 pamene anawakweza kufika pa K150,000, pomwe K100,000 yomweyo inkafota chaka ndi chaka.

Tsono muchite chiyani?

Si inu wosakaza, mayi. Tengani payslip yakale ndi yatsopano, muone ndalama yapansi penipeni, kenako muwerenge kuti iliyonse inkagula matumba angati a chimanga pa nthawi yake. Nambala imeneyo ndiyo mupite nayo kwa abwana. Chimanga gulani nthawi yokolola, akatapila muwathawe. Za kukwezedwazo musauze amalume.